Uthenga wa ku Lusaka unkadzera ku London

M'zaka za m'ma 1980 likulu la chipani cha African National Congress, ANC, lidali mumzinda wa Lusaka m'dziko la Zambia, pamene anthu amene chipanicho chinkawamenyera ufulu adali ku Soweto, ku Durban ndi ku Cape Town. Pakati pawo padali mitsinje ya Zambezi ndi Limpopo, malire a mayiko, ndi apolisi a boma la tsankho amene ankatsegula makalata ndi kumvetsera matelefoni. Malangizo ochoka kwa mtsogoleri wa chipanicho, a Oliver Tambo, ankayenda m'chikwama cha mthenga kwa masabata angapo. Pofika kwa owalandira zinthu zinkakhala zitasintha kale, ndipo yankho nalo linkatenga nthawi yomweyo pobwerera. Mlimi amene adalandirapo feteleza chimanga chitamasula kale akudziwa kuti chinthu chabwino chikafika mochedwa chimangosanduka katundu wolemetsa.

Munthu amene adathetsa vutoli sadali mkulu wa asilikali, ndiponso sadaphunzire za makompyuta kusukulu. A Tim Jenkin adabadwira ku Cape Town m'chaka cha 1948, m'banja la azungu, ndipo adalowa ANC mu 1974 pamodzi ndi mnzawo Stephen Lee. Ntchito imene adapatsidwa idali yosindikiza timapepala ta chipani ndi kutimwaza m'misewu pogwiritsa ntchito timabomba ting'onoting'ono tongoponya mapepala m'mwamba. Polemberana ndi akuluakulu awo ku London ankabisa uthenga pamanja, chilembo chimodzichimodzi, ntchito yodya maola ambiri pa mizere yochepa chabe. Kulakwitsa nambala imodzi kunkawononga uthenga wonse. Chotsatira chake chidali chakuti anthu ankalemba mwa apo ndi apo, ndipo akalemba ankanena zochepa kwambiri. Pambuyo pake a Jenkin adafika poona kuti kuvuta kwa kulumikizanaku ndiko kudaumba nkhondo yonse ya ufulu: atsogoleri kunja, omenya nkhondo mkati, aliyense akungoganizira zimene mnzake akuchita.

Mu 1978 awiriwa adagwidwa. A Jenkin adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 12, a Lee zaka 8. Sadazimalize. Mu Disembala 1979 iwo pamodzi ndi mkaidi wina, a Alex Moumbaris, adatuluka m'ndende ya Pretoria atadutsa zitseko khumi, zambiri mwa izo atazitsegula ndi makiyi osema ku mtengo amene a Jenkin adapanga mobisa m'chipinda cha ukalipentala cha ndendeyo. Nkhani ya kuthawaku ndi yotchuka, idalembedwa m'buku ndipo mu 2020 idatuluka pa kanema. Chofunika kuona m'menemo ndi chimene a Jenkin adakhala akuchita kwa miyezi yoposa khumi ndi isanu ndi umodzi: kuyang'ana kiyi ali m'chiuno mwa mlonda, kuloweza mano ake, kudziwa nthawi imene mlonda wa usiku amayendera zipinda ndi nthawi imene amakhala pansi. Ndendeyo idali ndi makoma ochindikala ndi zitseko zachitsulo, koma usiku wothawawo zambiri zidadalira maso a mlonda mmodzi, amene mkaidi mnzawo, a Denis Goldberg, adamutangwanitsa ndi macheza. Amene adamanga ndende ija adawerengera zitsulo, sadawerengere chizolowezi cha munthu.

Atafika ku London a Jenkin adayamba kuphunzitsa anthu ena ntchito za mobisa, ndipo makompyuta ang'onoang'ono atayamba kutsika mtengo adagula imodzi nadziphunzitsa okha kulemba mapulogalamu. Ankathandizana ndi a Ronnie Press, mnzawo wothawa kwawo amene adaphunzira sayansi. Cholinga chawo poyamba chidali chaching'ono: makina agwire ntchito yotopetsa ija yobisa zilembo, kuti munthu azingolemba zimene akufuna kunena.

Njira yobisira uthenga imene adasankha ndi yakale ndipo ndi yosavuta kuimvetsa. Chilembo chilichonse chili ndi nambala yake: A ndi 1, B ndi 2, mpaka M amene ndi 13. Wotumiza ndi wolandira amakhala ndi mndandanda wofanana wa manambala osankhidwa mwachisawawa, opanda dongosolo lililonse. Ngati nambala yoyamba pa mndandandawo ndi 9, chilembo M chimasanduka 22, ndiye kuti V. M wina akapezekanso m'mawu otsatira, ndipo nambala ya pa mndandanda ili 2, amasanduka O. Wolandira amangochotsera manambala omwewo n'kupeza mawu enieni. Mdani wogwira uthengawo panjira amaona zilembo zopanda mutu, ndipo palibe poyambira, chifukwa chilembo chimodzi chimatuluka mosiyana nthawi iliyonse. Mndandanda wa manambalawo ndiwo kiyi. Katswiri wa masamu wa ku America, a Claude Shannon, adasindikiza mu 1949 umboni wakuti uthenga wotsekedwa motere sungatsegulidwe ndi wina aliyense, kaya ali ndi makina amphamvu bwanji, malinga kiyi akhale wamwayimwayi ndithu, wotalika ngati uthengawo, wosungidwa mobisa, ndipo agwiritsidwe ntchito kamodzi kokha. Njira yolumikizira Washington ndi Moscow imene idakhazikitsidwa mu 1963 inkatsekedwa mwa mtundu womwewu.

Mawu akuti kamodzi kokha ndi olemera kuposa momwe amamvekera. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, opanga makiyi a akazitape a Soviet Union adapanikizika ndi ntchito nasindikiza masamba ena kawiri. Akatswiri a ku America, pa ntchito yachinsinsi yotchedwa Venona imene idayamba mu 1943, adapeza mpata umenewu nayamba kuwerenga mauthenga ena, ndipo akazitape angapo adadziwika chifukwa cha zimenezi. Masamu adalibe cholakwa. Padali anthu otopa amene adafuna kufupikitsa ntchito. Pofuna kupewa zotere, a Jenkin ankadzaza manambala awo m'timadisiki, tiwiritiwiri tofanana, kena ka ku London kena ka wolandira, ndipo pulogalamu yawo inkafufuta yokha manambala amene agwira kale ntchito.

Kutseka uthenga kudali theka la vuto. Theka lina, lovutirapo, lidali momwe ungaulowetsere ndi kuutulutsira m'dziko limene matelefoni onse adali m'manja mwa boma. Munthu wolumikiza kompyuta ku telefoni ya m'nyumba mwake n'kuimbira kunja usiku uliwonse akadadziitanira yekha apolisi. Apa ndi pamene a Jenkin ndi a Press adatulukira chinthu chooneka ngati chamasewera. Masiku amenewo kudali kachipangizo kotchedwa modemu, kamene kankasandutsa zolembedwa m'kompyuta kukhala kaphokoso konga kulira kwa nkhululu, kuti kadutse pa waya wa telefoni. Iwo adapeza kuti kaphokosoko kangathe kujambulidwa pa kaseti wamba, ndipo kaseti ija ikaimbidwa, modemu ina imamva bwinobwino.

Choncho munthu wa ku Durban kapena ku Johannesburg ankalemba uthenga wake m'nyumba yobisalamo, pa kompyuta yosalumikizidwa ku waya uliwonse. Akautseka ankaujambula pa kawailesi ka kaseti kokwana m'thumba, n'kutuluka ngati aliyense wopita kukagula buledi. Akafika pa telefoni ya mumsewu ankaimba nambala ina ya ku London, kumene kunkayankha makina osunga mawu, n'kugunditsa kawailesi kaja pa cholankhulira kwa mphindi zochepa. Pofuna kulandira yankho ankaimba nambala ina, makina a kumeneko n'kumuimbira kaphokoso kake, iye n'kujambula n'kubwerera kunyumba kukakatsegula. Matelefoni oponya ndalama ankavuta, chifukwa kugwa kwa khobidi kunkadula uthenga. Matelefoni a khadi, amene adali atangoyamba kumene m'dzikomo, ndiwo adathandiza. Ku London a Jenkin ankatsegula uthengawo, kuutsekanso ndi kiyi wina, n'kuutumiza ku Lusaka, kumene mayi wina wa ku Netherlands, a Lucia Raadschelders, ankaulandira kuti ukafike kwa a Tambo.

Wina angadabwe kuti uthenga wochoka ku Durban kupita ku Lusaka uzikazungulira ku Ulaya. Koma telefoni yochoka ku South Africa kupita ku Zambia ikadakhala ngati mbuzi yoyera pakati pa zakuda, pamene mafoni opita ku Britain ankaimbidwa ambirimbiri tsiku lililonse ndi amalonda ndi achibale. Njira yaitali ndiyo idali yobisika. Kuzungulirako kudali ndi ubwino winanso: wa ku Durban sankadziwa nambala ya ku Lusaka kapena kiyi wa kumeneko, kotero kuti akagwidwa sakadaulula chimene sakuchidziwa. Makiyi nawo sankayenda pa telefoni. Ankabwera pa ndege m'chikwama cha a Antoinette Vogelsang, wogwira ntchito yolandira alendo m'ndege za kampani ya KLM zoyenda pakati pa Amsterdam ndi Johannesburg, amene adalowetsanso makompyuta a m'manja m'dzikomo. Mayi ameneyu adapezeka kudzera kwa a Conny Braam a gulu la ku Netherlands lolimbana ndi tsankho.

Dongosolo lonseli lidapangidwira ntchito yotchedwa Operation Vula, kufupikitsa mawu akuti Vulindlela, kutanthauza kuti tsegula njira. Inkayang'aniridwa ndi a Tambo ndi a Joe Slovo, ndipo cholinga chake chidali kubwezera atsogoleri akuluakulu mkati mwa dziko mobisa. Mu 1988 a Mac Maharaj ndi a Siphiwe Nyanda adalowa kudzera ku Swaziland, dziko limene lero likutchedwa Eswatini. Anzawo ambiri ku Lusaka, ngakhale a m'komiti yaikulu, adauzidwa kuti awiriwa ali ku Soviet Union, wina akudwala, wina ali pa maphunziro. Kunamiza anzako si chinthu chokoma, koma atsogoleriwo ankadziwa kuti boma la tsankho lidali ndi makutu ngakhale m'maofesi a chipani chawo.

Zotsatira zake zidaoneka msanga. Funso limene kale linkayankhidwa patatha mwezi tsopano linkayankhidwa tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndipo anthu amene ankalemba mizere itatu adayamba kulemba masamba. Mu 1989 njirayi idafika mpaka kwa a Nelson Mandela, amene panthawiyo adali m'ndende ya Victor Verster ndipo ankakambirana ndi nthumwi za boma. Kunja kudali manong'onong'o akuti mkuluyo akugulitsa nkhondo. Mauthenga obisidwa m'zikuto za mabuku, olowetsedwa kudzera kwa loya wawo, adathandiza a Tambo kudziwa zimene a Mandela ankanena kwenikweni, ndipo a Mandela nawo adadziwa maganizo a ku Lusaka. Amene adakhalapo m'komiti imene wapampando ndi mlembi akumva za wina ndi mnzake kudzera m'miseche angamvetse kukula kwa chinthu chimenechi. Boma likadatha kugawanitsa atsogoleri awiriwa, kukambirana kwa 1990 kukadayamba mwa mtundu wina.

Mfundo zimene a Jenkin adazipeza poyesa ndi kulephera m'nyumba yawo ya ku London n'zomwezo zimene maboma olemera amalembera akatswiri ndi ndalama zankhaninkhani. Kalekale mu 1883 mphunzitsi wa zilankhulo wobadwira ku Netherlands, a Auguste Kerckhoffs, adalembera asilikali a ku France malamulo asanu ndi limodzi a kabisidwe ka uthenga. Lodziwika kwambiri limati chitetezo chisadalire kubisa kapangidwe ka makina, chifukwa tsiku lina makinawo adzagwa m'manja mwa mdani. Chobisa chikhale kiyi yekha, amene angathe kusinthidwa. Lamulo lomaliza, limene ambiri amalilumpha, limati dongosolo likhale losavuta kugwiritsa ntchito, losafuna kuti munthu aloweze malamulo ambirimbiri kapena kuumitsa mutu. Mu 1973 akatswiri awiri a ku America, a David Bell ndi a Leonard LaPadula, adalembera asilikali a dzikolo lamulo la makompyuta osunga zinsinsi za magulu osiyanasiyana: munthu wa gulu lapansi asawerenge za gulu lapamwamba, ndipo wa gulu lapamwamba asalembe zimene akudziwa pamalo pamene wapansi angawerenge. Mpaka lero asilikali ndi akazitape a mayiko ambiri amasunga makompyuta a zinsinsi zazikulu pa mawaya awoawo, olekanitsidwa ndi intaneti, monga momwe kompyuta ya ku Durban idaliri yolekanitsidwa ndi telefoni.

Alimi a m'magulu a banki m'khonde akuzidziwa zina mwa izi ngakhale sadamvepo mayina a akatswiriwa. Bokosi la ndalama limakhala ndi maloko atatu, makiyi ake kwa anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi alibe kiyi ngakhale mmodzi. Aliyense m'mudzi amadziwa kapangidwe ka bokosilo ndi nyumba imene limagona, koma kudziwako sikutsegula kanthu. Bungwe lalikulu la ukazitape wa pa makina ku America, National Security Agency, lidalengeza lamulo lofanana nalo, lakuti pakhale anthu awiri pokhudza zinsinsi zina, mu 2013. Lidatero a Edward Snowden, amene ankagwira ntchito yosamalira makompyuta a bungwelo, atatuluka kale ndi zikalata zochuluka. Zaka zitatu izi zisanachitike, mu 2010, msilikali wachinyamata wa ku America amene adali ku Iraq, wodziwika lero kuti Chelsea Manning, adakopera makalata a akazembe oposa 250,000 kuchokera pa mawaya achinsinsi a asilikali n'kuwapereka ku WikiLeaks. Mawayawo adali olekanitsidwa ndi intaneti monga mwa lamulo. Chimene chidalipo n'chakuti anthu zikwi mazanamazana adali ndi chilolezo chowerenga, ndipo makompyuta ena ankalola munthu kukopera zinthu pa chimbale n'kutuluka nacho. Nankafumbwe safuna kuboola nkhokwe. Amalowa pamodzi ndi chimanga chomwe.

Operation Vula nayo idagwa mwa njira imeneyi. Pa 2 Febuluwale 1990 a F. W. de Klerk adachotsa chiletso pa ANC, ndipo pa 11 mwezi womwewo a Mandela adatuluka m'ndende. Vula sidatsekedwe, chifukwa atsogoleri sankadziwa ngati boma likunena zoona, koma mitima ya anthu idayamba kukhala pansi. Akuluakulu adati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Kumayambiriro kwa Julayi 1990 apolisi a ku Durban adagwira anthu awiri a Vula, a Charles Ndaba ndi a Mbuso Shabalala. Patangopita masiku ochepa adagwiranso a Nyanda, nalowa m'nyumba zobisalamo, ndipo kumapeto kwa mwezi womwewo adamanga a Maharaj. M'nyumbazo adapeza timadisiki tokhala ndi mauthenga ndi zikalata zosatsekedwa, zowerengeka ndi aliyense wodziwa kuyatsa kompyuta. Kwa zaka ziwiri apolisi adalephera kutsegula uthenga wa Vula panjira. Adaupeza uli chitsegukire pa tebulo.

Mtengo wake udali waukulu. A Ndaba ndi a Shabalala sadaonekenso. Patapita zaka, apolisi ena adavomera pamaso pa bungwe la Truth and Reconciliation Commission kuti adawapha n'kutaya mitembo yawo mumtsinje wa Tugela. Boma lidatenga zikalata zija n'kulengeza kuti lapeza chiwembu cha achikomyunizimu chofuna kulanda dziko. M'zolemba za msonkhano wina wochitikira ku Tongaat mudali mawu aukali a munthu wotchedwa Joe, ndipo boma lidati ameneyu ndi a Joe Slovo, nalamula kuti achotsedwe pa gulu lokambirana. Pambuyo pake zidadziwika kuti Joe lidali dzina lobisalira la a Nyanda. Kukambirana kudapulumuka, ndipo pa 6 Ogasiti 1990 ANC idavomera kuimitsa nkhondo ya zida, koma kwa masabata angapo tsogolo la dziko lidagwedezeka chifukwa cha mapepala amene sadayenere kusungidwa motero.

Mu 1995 a Jenkin adalemba mbiri ya ntchitoyi m'magazini ya chipani yotchedwa Mayibuye, ndipo sadabise kukhumudwa kwawo: anzawo a ku Durban adaphwanya malamulo amene adaphunzitsidwa mobwerezabwereza. Zimenezi n'zoona, komabe mlandu wonse sungathere pamenepo. Dongosolo lidapangidwira mauthenga, ndipo kupambana kwake komwe ndiko kudabala vuto latsopano. Anthu atayamba kulemba masamba m'malo mwa mizere padabadwa nkhokwe ya zikalata: malipoti, ndondomeko za misonkhano, kawerengedwe ka ndalama, zinthu zimene mtsogoleri amafuna kuziwerenganso mawa ndi mkuja. Munthu amene wakhala zaka ziwiri akusintha nyumba, dzina ndi maonekedwe, akugona ndi khutu limodzi, tsiku lina adzanena kuti ndidzatseka mawa. Lamulo lodalira kuti munthu wotere asaiwale ngakhale kamodzi lili ngati mpanda umene chipata chake chimadikira mwana womaliza kulowa kuti achitseke. N'chifukwa chake opanga makina a masiku ano amayesetsa kuti makinawo azidzitsekera okha. Mafoni ambiri amakono amabisa zonse zimene zili m'kati mwake mwini wake akangowatseka, popanda kumufunsa. Lamulo lomaliza la a Kerckhoffs lidatenga zaka zoposa zana kuti limveke.

Komabe pali mbali ya kapangidweko imene idagwira ntchito tsiku la tsokalo. Popeza nthambi iliyonse idali ndi makiyi akeake, ndipo zonse zinkadzera ku London, kugwa kwa Durban sikudagwetse nyumba yonse. Makiyi ndi manambala adasinthidwa, ndipo amene adapulumuka, monga a Ronnie Kasrils ndi a Janet Love, adapitiriza kulumikizana ndi anzawo ali kobisala. Wopanga dongosolo wanzeru amayamba wavomereza kuti tsiku lina chipinda chimodzi chidzapsa, kenaka n'kumanga mwakuti moto usalumphire chipinda chinacho.

Nkhani zoterezi sizili kutali ndi anthu wamba monga momwe zimamvekera. Mu Febuluwale 2024 amene adali mtsogoleri wa dziko la Malawi panthawiyo, a Lazarus Chakwera, adauza nyumba ya malamulo kuti makina opangira ziphaso zoyendera adalowedwa ndi anthu ofuna dipo, ndipo kwa masabata angapo anthu ofuna kupita kukagwira ntchito kapena kukalandira chithandizo cha mankhwala kunja adangokhala kudikira. M'munsi mwa maboma muli ena ambiri osunga zinsinsi za anthu. Mlangizi wa zaumoyo ali ndi kaundula wa amene akumwa mankhwala otalikitsa moyo, wa komiti yoteteza ana ali ndi mayina a amene adachitidwa nkhanza, ndipo zambiri mwa izi lero zimajambulidwa pa foni n'kutumizidwa pa WhatsApp. Uthenga wa pa WhatsApp umayenda wotsekedwa, monga unkayendera wa Vula. Koma chithunzi cha kaundula chija chimatsala m'foni, ndipo foniyo madzulo imakatchajidwa pa golosale kapena kubwerekedwa kwa mwana kuti aonere kanema.

Anthu a Vula amene adazengedwa mlandu, kuphatikizapo a Pravin Gordhan ndi a Billy Nair, adakhululukidwa mu 1991, ndipo ambiri adakalowa m'boma latsopano. A Maharaj adakhala nduna ya zamtengatenga kuyambira 1994 mpaka 1999. A Nyanda adakhala mkulu wa asilikali onse a South Africa kuyambira 1998 mpaka 2005, ndipo a Kasrils adakhala nduna yoona za ukazitape kuyambira 2004 mpaka 2008. Anthu amene ankaimirira pa telefoni ya mumsewu ndi kawailesi ka kaseti adasanduka osunga zinsinsi za boma lomwe linkawasaka.

A Jenkin adabwerera kwawo mu 1991. Ponyamuka ku London adasonkhanitsa mapulogalamu onse a Vula m'fayilo imodzi, naitseka ndi mawu achinsinsi, poopa kuti ingagwe m'manja olakwika pa bwalo la ndege. Patapita zaka, atafuna kuonetsa dziko momwe ntchitoyo inkayendera, adapeza kuti mawu aja adawaiwala. Fayiloyo idakhala chitsekere mpaka 2024, pamene katswiri wa makompyuta wa ku Britain, a John Graham-Cumming, adaitsegula. Sadachite kulota mawu oiwalikawo. Njira yotsekera mafayilo ya nthawi imeneyo idali ndi chilema chimene akatswiri adachitulukira m'zaka za m'ma 1990, chakuti munthu akadziwa kachigawo kochepa ka zimene zili m'kati angathe kupeza kiyi wa zonse. Mapulogalamuwo adaikidwa pa intaneti, pa tsamba la GitHub, kuti aliyense wofuna awawerenge.